Zimene Ndinabisa Pachifuwa

Mayfair, Joni
9 Juni 2024

Okondedwa bambo a Rachael,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Rachael ndi onse ku Nkhudziko. Ine kuno ndiliko, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa.

Mudabwa kuti ndayamba makalata pamene foni tili nayo. Foni yanuyo mumaiika pa sipika, ndipo ndikamayankhula ndimamva alovi, anyamata opalasa boti lanu aja, akuseka kumbuyo. Ndiye poti a Swadick a ku Mponda aja amabwera kuno ndi galimoto yawo kawiri pamwezi kudzatenga katundu wa anthu, ndawapempha kuti azinditengerako ndi kapepala.

M'chikwama chamizeremizere muli jekete yanu ya mwera. Muzivala, musaisunge m'sutikesi kudikira Khirisimasi monga munachitira ndi ija. Mulinso mapoto atatu ndi bulangete, zimenezo ndi za Rachael, zikhale m'pulasitiki momwemo mpaka tsiku lake. Zinthu kuno zakwera, anyezi atatu okha akuti ten randi, ine n'kumakumbukira amene tinkangopatsana pamsika wa ku Monkey Bay.

Nkhani ya Rachael ndi mnyamata wa ku Makokola yandisangalatsa. Jeffrey ameneyu si uja ankachita chibwibwi ali mwana? Ngati akugwiradi ntchito kukhitchini ya hotela, mwana wathu sadzagona ndi njala. Mwati chinkhoswe ndi Novembala, ukwati pa 21 Disembala. Ndamva.

Mwafunsanso ngati ulendo uno ndibweradi. Ndikudziwa kuti Disembala ameneyu ndikwanitsa zaka zisanu osaponda kwathu, ndipo chaka chilichonse ndakhala ndikukupatsani chifukwa chatsopano. Ndibwera. Pali kanthu kena kofunika ndikonze kaye kuno, si kakakulu.

Subira, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, akupereka moni. Denga la kukhitchini lija musalisiye mpaka mvula.

Ine wanu,
Edith


14 Julaye 2024

Bambo a Rachael,

Moni wa chikondi. Ndamva pafoni kuti chifuwa chija chakusiyani, ndathokoza Mulungu. Munthu wa zaka zanu sayenera kulowa m'madzi mwera ukuwomba, alovi mumawalipira chifukwa chiyani?

Ine ndili bwinoko. Lachitatu ndinagwetsa ndowa ya madzi pamasitepe kuntchito. Mkono wamanzere unangokana pakati pa njira. Adona anamva phokoso n'kubwera akuthamanga, ine ndili pakati pa madzi ndikupepesa. Sanakalipe. Anangoti zimenezi zafika pokwana, n'kuimba okha foni kuchipatala chija ndinkapitako mu 2021. Andipatsa tsiku la 6 Ogasiti. Musade nkhawa, si matenda aja abwereranso, magazi anandiyeza mwezi wa Epulo ndipo ali bwino.

Zimene alamu anga a Dinala akunena zandipeza. Nkhani za ku Mangochi zimafika kuno msanga kuposa galimoto ya a Swadick. Akuti ine ndinapeza mwamuna wa ku Zimbabwe, ndiye chifukwa chake sindibwera, ndipo iwo akukusakirani mkazi wa ku Msaka woti azikuchapirani. Nditamva ndinaseka, Subira nayenso anaseka. Koma m'mawa mwake ndili mu takisi ndinapezeka ndikulira, mayi wina wachizulu n'kundipatsa tishu osandifunsa kanthu.

A Dinala sindikuwada. Ndi mchemwali wanu, akuona mchimwene wawo akudziphikira zaka zisanu. Ndikanakhala ine ndikananena zoposa pamenepo. Mwamuna wina kulibe, bambo a Rachael. Chilipo ndi china, ndipo ndikabwera kuchipatalako ndidzayesa kuchilemba.

Nsalu ya anthu operekeza mkwati ndaiona ku Fordsburg, yobiriwira ngati tsamba la mgwalangwa. Mufunseni Rachael ngati akuifuna, asachite manyazi kukana.

Wanu,
Edith


11 Ogasiti 2024

Mwamuna wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, osati pagombe.

Mu 2021 ndinakuuzani kuti anandichotsa kachotupa m'bere ndipo ndachira. Kuchira ndinachiradi, pamenepo sindinaname. Koma sanachotse kachotupa kokha. Anachotsa mabere onse awiri, chifukwa matendawo ndi khansa yomwe ija inatenga amayi anga, ndipo adokotala anati akasiya linalo idzabwerera komweko. Tsiku lomwelo anandiika timatumba tiwiri tofewa, todzaza ndi zinthu zonga phala la mphira zimene amati silikoni. Timatumbato anaika kuseri kwa mnofu wa pachifuwa n'kusoka. Ndikavala diresi palibe angadziwe. Zithunzi zonse zimene ndakhala ndikukutumizirani zaka zitatuzi, chimene mumaona pachifuwapo ndi timatumba timeneto.

Tsopano timatumbato tasuntha. Mbali yamanzere, kumene anandiwotcha ndi makina kuti aphe zotsala za matenda, thupi linapanga chikhungwa cholimba kuzungulira kathumbako n'kukankhira m'mwamba, pafupi ndi khosi. Pamenepo ndi polimba ngati mango osapsa, ndipo pamawawa ndikakweza mkono. Kakumanja katsetserekera kukhwapa. Ndikafinya mopu kapena kunyamula ndowa, mnofu umakoka, chifuwa chonse n'kudumpha ngati mlamba uli m'thumba. Kuntchito ndimavala juzi ngakhale kukutentha kuti ana a adona asaone.

Adokotala ndi mayi wamfupi, woseka-seka, anandijambulira zonse papepala. Akuti njira zilipo ziwiri. Atha kuchotseratu timatumbato, chifuwa changa chikhale chosalala ngati cha mwamuna. Kapena atsegule pachipsera chakale, achotse chikhungwa chija, abwezere mnofu pamalo pake n'kuusoka, kenako aike timatumba tatsopano pamwamba pa mnofu, pansi pa khungu, pomwe mnofu sungakokenso. Njira yachiwiriyi ndi yaitali kupola, ndipo khungu lakumanzere ndi lopyapyala chifukwa cha kuwotcha kuja, akuti likhoza kuvuta. Anati ndipite ndikaganize, ndikambirane ndi a kunyumba. Ndinawayankha kuti a kunyumba sakudziwa ngakhale za poyamba. Anasiya kulemba n'kundifunsa kuti ndakhala pabanja zaka zingati. Nditati makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anangoti, "Ndiye mwawaganizira zochepa amuna anuwo."

Mwina n'zoona. Simunandinyozepo chiyambire. Sindinkaopa kuti mundithamangitsa. Ndinkaopa kuti mudzandiyang'ana ndi chisoni, n'kumandisunga ngati mbale yosweka imene munthu akuchita manyazi kuitaya. Chaka choyamba ndinati ndidikire zipsera zipole. Chachiwiri ndinati ndidikire tsitsi limene linathothoka ndi mankhwala likule bwino. Chachitatu timatumba tinayamba kusuntha, ndiye ndinati ndingapite bwanji chonchi. Zaka zinatha choncho, inu mukudziphikira.

Ndalemba. Mukhululuke zilembozi. Rachael musamuuze kaye.

Ndine mkazi wanu ndithu,
Edith


1 Seputembala 2024

Bambo a Rachael,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndiliko.

A Swadick andiuza kuti kalata ija anakupatsani m'manja mwanu pa depoti ya Mangochi, ndipo munaiika m'thumba la malaya. Kuchokera pamenepo mwaimba kawiri. Koyamba munandiuza za injini ya boti kuti ikudya mafuta. Kachiwiri munandiuza kuti usipa watsika mtengo ndipo mbuzi yabereka awiri. Ine ndinkangoti eya, eya, kudikira. Munatsanzika bwinobwino n'kudula.

Sindikukukakamizani. Ine zinanditengera zaka zitatu, sindingakwiye ndi masabata atatu. Koma ngati a Dinala apambana, ndiuzeni nokha, ndisamvere kwa anthu a m'basi. Ndidzabwerabe ku ukwati wa mwana, ndidzakhala pambali panu m'tchalitchi, palibe adzadziwe kanthu tsiku limenelo.

Kuchipatala andipatsa tsiku la opaleshoni, 1 Okutobala. Pofika pa 17 mwezi uno ndiyenera kuwauza njira imene ndasankha.

Nsalu yobiriwira ija ndatumiza, mamita khumi ndi awiri. Telala akhale wa pa Mponda uja, osati wa pafupi ndi sukuluyo, amawononga nsalu.

Edith


15 Seputembala 2024

A Yakobo anga,

Ndakutchulani dzina lero, ndipo simungandiletse muli kutali. Ndili bwino, ndili bwino kwambiri, ndipo ndikhulupirira inunso.

Kalata yanu yafika Lachisanu. A Swadick anaibweretsa okha mpaka pakhomo, akuti munawalumbiritsa kuti asaiike m'chikwama cha munthu. Akutinso munagula kope lathunthu la sitandade 5, n'kumang'amba tsamba ndi tsamba masabata anayi, ndipo aphunzitsi a Allan atadzipereka kuti akulembereni munawakana. Ine kuno ndikuonda ndi maganizo, inu uko mukulimbana ndi zilembo. Bwanji osangonena pafoni kuti dikira, ndikulemba?

Ndaiwerenga kasanu. Pamene mwalemba kuti, "Ndinadziwa kale, tsiku lomwelo la 2021, koma inali nkhani yako, ndimadikira unene wekha," ndinaika pepala pansi n'kuyang'ana Subira. Iye anali akusenda mbatata, ndipo anapitiriza kusenda osadzutsa mutu. Kenako anavomera. Akuti tsiku lija ndinakhalitsa m'chipinda cha opaleshoni maola asanu ndi awiri, iye ali yekha pabenchi, n'kuyamba kuganiza kuti ndikafa adzauza chiyani mwamuna wanga. Anatenga nambala yanu m'foni mwanga n'kukuuzani zonse. Inu akuti munangofunsa ngati ndikupuma, n'kumupempha kuti asadzandiuze kuti mukudziwa.

Ndinamukwiyira tsiku lathunthu. Loweruka anandiphikira tiyi wa tangawizi, n'kulumbira kuti wallahi akanachitanso chimodzimodzi, ndipo ngati ndikufuna kusamuka ndisamuke koma ketulo ndi yake. Tinaseka mpaka chifuwa kundiwawa.

Chimene chikundipweteka ndi ichi. Zaka zitatu anthu akhala akukuuzani kuti mkazi wanu ali ndi mwamuna ku Joni, achemwali anu omwe, inu mukudziwa zoona zake, osatsegula pakamwa kuti mudziteteze. Munkangoti abwera. Ine ndimaganiza kuti ndikusenza ndekha.

Za njira ziwiri zija mwalemba kuti, "Ine ndinakwatira Edith. Sankha chimene chikuchotsere ululu, chifuwacho ndi chako." Ndiye ndasankha. Ndikufuna timatumbato akonze, aike pamwamba pa mnofu. Poyamba ndinkaganiza kuti ndikufuna zimenezi chifukwa cha inu. Mutandimasula ndaona kuti ndikuzifuna ndekha. Ndimakonda diresi likandikhala bwino, ndinali choncho kuyambira ndili mtsikana, mukudziwa. Lachiwiri ndikawauza adokotala.

Pamene mwalemba kuti "ndimakukonda" mwaiwala ko, ndiye pakuti "ndimakunda". Ndamva ndithu. Musakonze.

Wanu yemwe uja,
Edith


13 Okutobala 2024

Okondedwa bambo a Rachael,

Moni kuchokera pabedi. Mawu anga munawamva pafoni tsiku lachiwiri lija, koma ndinali ndi mankhwala m'mutu, Subira akuti ndinkakufunsani za mbuzi kanayi konse. Ndiye ndilembe bwinobwino.

Anandilowetsa m'mawa, ndinadzuka dzuwa litapendeka. Adokotala akuti chikhungwa chakumanzere chinali chokhuthala ngati chikopa cha ng'ombe, anachichotsa chonse. Mnofu anaubwezera pamalo pake. Timatumba tatsopano ndi tocheperako pang'ono kusiyana ndi takale, kuti khungu lisakokeke. Nditadzuka chinthu choyamba ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi. Bambo a Rachael, ndinali nditaiwala kuti munthu amapuma choncho. Zaka ziwiri ndakhala ngati wina wandimanga lamba pachifuwa.

Ndinagona m'chipatala masiku atatu. Ndinatuluka ndi timapaipi tiwiri totuluka m'nthiti, kumapeto kwake timabotolo tolandira madzi a pabala. Subira anandisokera kathumba ka nsalu kokoleka m'khosi koikamo timabotoloto, ndiye ndinkayenda m'nyumba ngati kondakitala wa basi. Anachotsa Lachinayi lapitali. Kuchotsako kunawawa kuposa zonse, ndinatchula amayi anga.

Malamulo ndi ambiri. Ndigone chagada, mitsamiro itatu. Ndisakweze manja kupitirira mapewa. Ndisanyamule choposa ketulo kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndivale bra yolimba yomanga kutsogolo, osavula. Subira ndiye akundisambitsa kumsana ndi kundipesa asanapite kuntchito kwake. Mukapita ku Mponda mukawaone amayi ake, muwatengere chambo chabwino, osati chotsala.

Pagalasi sindinadziyang'ane. Mabandeji akadalipo, ndiye ndili ndi chifukwa.

Mwati munapita kutchalitchi tsiku la opaleshoni m'malo mopita kunyanja, ndipo abusa anadabwa kukuonani Lachiwiri. Zikomo.

Wanu,
Edith


10 Novembala 2024

Bambo a Rachael,

Ndikhulupirira mwapumako pambuyo pa chinkhoswe. Zithunzi ndaona. Jekete ya mwera ija mwavala pachinkhoswe mwezi wa Novembala, kutentha konseko? Anthu anati chiyani?

Ine ndili bwinoko tsopano, koma masabata awiri apitawa sanali abwino, ndipo sindinakuuzeni zonse pafoni kuti ndisasokoneze mwambo. Mbali yamanzere inatupa n'kufiira. Madzi anadzadza mkati. Adokotala anawapopa ndi jakisoni katatu, masiku osiyana, n'kundipatsa mankhwala amphamvu. Anandiuza mosabisa kuti khungulo likapanda kugwira, kathumbako achotsa, ndikhala ndi mbali imodzi. Koma ndinadabwa kuti mantha ake sanali ngati akale aja. Ndinkangoti zikatero ndidzawalembera, adzagula kope lina. Lachisanu anandiona, akuti kufiira kwatha ndipo khungu lagwira. Ulendo wa pa basi andiloleza kuyambira pakati pa Disembala.

Kuntchito adona alemba mayi wina, dzina lake Victoria, kuti agwirizire. Akuti malo anga andisungira mpaka Febuluwale. Anabwera kudzandiona ndi maluwa ndi supu wa m'botolo wosathira mchere. Ndi munthu wabwino, koma ndinaona m'maso mwawo kuti Victoria akuwasangalatsa, ali ndi manja awiri amphamvu. Tidzakambirana ndikabwera. Mwina zaka zisanu zakwana.

Tsopano za Rachael. Anandiimbira tsiku la chinkhoswe lomwelo, masana, anthu akuphika. Sanalire. Anandifunsa ndi mawu ozizira kuti kodi pansi pa adona anga pamadetsedwa bwanji kuti ndilephere kusiya mopu sabata imodzi. Anati anzake onse amayi awo analipo, iye anamuveka nsalu ndi azakhali. Ndinati pepa mwanangu, iye anati chabwino, n'kudula.

Ndalakwitsa kamodzi ndi inu, sindifuna kulakwitsanso ndi iye. Mupatseni kalata yanga ya Ogasiti ija awerenge yekha. Ndi mkazi tsopano. Komanso ayenera kudziwa chifukwa cha thupi lake lomwe. Adokotala akuti poti matendawa anagwira amayi anga ndi ine, Rachael aziyezetsa msanga, asadikire kumva kuwawa. Mukamupatsa musachoke, mukhale pakhonde pomwepo, ngakhale akuuzeni kuti pitani.

Ine wanu,
Edith


8 Disembala 2024

Mwamuna wanga wokondedwa,

Moni womaliza wa papepala, chifukwa ulendo wotsatira wa a Swadick katundu wake ndine. Ndili bwino, ndanenepako, ndipo dzulo ndinayanika ndekha zovala pachingwe, manja onse awiri m'mwamba. Subira anaimirira pakhomo n'kuombera m'manja ngati ndapambana mpikisano.

Rachael anaimba. Kalata ija anali ataiwerenga. Anangoti, "Amayi, munkasamba bwanji nokha?" Basi, tinalira mpaka mayunitsi anamuthera, ine n'kuimbanso. Wavomera kukayezetsa ukwati ukatha, koma akuti pokhapokha ndimuperekeze ine. Akutinso munakhaladi pakhonde maola awiri mukusoka ukonde umene unalibe pong'ambika.

A Dinala nawonso anaimba, sindikudziwa anawauza ndani ndipo sindikufunsa. Sanapepese, si anthu opepesa. Anangoti mulamu, mukabwera musadzagwire mtondo kapena chidebe, ntchito zonse za paukwati ndi zanga. Ndinawathokoza.

Diresi langa la ukwati ndasoketsa konkuno, lamtundu wa vinyo, lokwana bwino pachifuwa. Tsiku loyesa, telala atatuluka, ndinavula zonse n'kuima pagalasi lake lalitali. Kanali koyamba. Zipsera ndi ziwiri, zopingasa, zofiirira, kumanzere khungu ndi lakuda kuposa kumanja. Nsonga palibe, anachotsa kale mu 2021. Koma zili pamalo pake, zonse ziwiri, zofanana, ndipo ndikakweza mkono sizidumpha. Sizokongola ngati zimene munazidziwa. Sizoopsanso ngati mmene ndinkaganizira. Ndikukuuziranitu kuti musadzadzidzimuke.

Tinyamuka Loweruka pa 14, tikadutsa bwino pa Beitbridge ndi pa Mwanza tifika pa Mangochi Lolemba cha m'ma 10 m'mawa. Tsopano mvetsani pempho langa. Mubwere nokha. Rachael ndamuuza kale, wamvetsa. Ku Nkhudzi tikangofika nyumba idzadzaza, azimayi a kwaya, abale a Jeffrey, ana, ndipo sitidzapeza mpata mpaka ukwati utatha. Ndiye mupeze chipinda pa resiti hausi ina yaukhondo pa boma pomwepo, cha maola ochepa chabe. Ndikufuna muone masana, makatani otsegula, ine nditaimirira, osati mumdima mongofufuza. Mukaona, kaya mulira, kaya mukhala chete, kaya mufunsa mafunso, zonse ndilandira. Tikatero tidye chambo pamsika, tikwere minibasi ya ku Monkey Bay, tipite kwathu.

Ndidzavala duku yachikasu kuti musavutike kundisaka, ngakhale ndikudziwa kuti mudzayamba ndinu kundiona. Mumete ndevu.

Kukumbatira ndi kololedwa. Adokotala ndinawafunsa dala, pamaso pa anamwino awiri. Anaseka n'kunena kuti inde, koma muwauze asodziwo kuti pang'onopang'ono.

Ine mkazi wanu, amene akubwera,
Edith